Zolemba za ntchito: kusaka mankhwala oletsa biofilm m'masamba a gwafa ndi m'mizu ya napini

Pamene ntchito yafika

Funso lathu silinasinthe. Tikufuna kudziwa ngati m'masamba a gwafa, Psidium guajava, ndi m'makungwa a mizu ya napini, Terminalia sericea, muli mankhwala amene amaletsa mabakiteriya a Staphylococcus aureus ndi Pseudomonas aeruginosa kumanga biofilm popanda kuwapha, ndipo ngati alimo, ndi ati. Mawu akuti "popanda kuwapha" ndi amene adya nthawi yambiri, chifukwa mbale yoyezera siisiyanitsa yokha pakati pa mankhwala oletsa kumatirira ndi mankhwala ongolepheretsa mabakiteriya kuchulukana.

Kwa amene alowa ntchitoyi pakati: biofilm ndi mabakiteriya amene amamatirira pa chinthu n'kudzikuta ndi ulimbo wawo wopangidwa ndi mashuga aataliatali, mapuloteni ndi DNA yotayika kunja kwa maselo. Kuterera kumene mumamva mukapisa dzanja m'chigubu cha madzi chimene chakhalitsa chosatsuka ndi komweko. M'thupi zimachitika pa chilonda chosapola, pa paipi ya mkodzo, pa chitsulo cholumikizira fupa ndi pa mano. Mabakiteriya ali m'menemo amapirira maantibayotiki ochuluka kwambiri kuposa anzawo oyandama m'madzi.

Pakadali pano chomera chilichonse tachigawa m'zigawo 4. Njira yoyezera yakhazikika pa S. aureus, koma pa P. aeruginosa ikadali yogwedera. Chigawo chimodzi chokha, cha ethyl acetate cha gwafa, ndi chimene tachitsatira mpaka pa HPLC, makina olekanitsa mankhwala a m'chigawo. Za napini tazisiya kaye pambali, ndipo chifukwa chake chili m'munsimu.

Zomera ndi kutcheza

Nthambi zokhala ndi masamba, maluwa kapena zipatso za chomera chilichonse zinapanikizidwa, kuumitsidwa ndi kukatsimikiziridwa dzina ku National Herbarium and Botanic Gardens ku Zomba. Pa gwafa izi zingaoneke ngati kutaya nthawi, koma pa napini n'zofunika: m'nkhalango za kuno muli mitundu ingapo ya Terminalia, ndipo dzina la kumudzi limasintha ndi dera. Muzu wokha wopanda tsamba sungatsimikiziridwe ndi aliyense. Nambala ya chitsanzo cha ku herbarium ikulembedwa pa botolo lililonse lochokera ku chomeracho, mpaka pa kabotolo ka HPLC.

Mizu ya napini inakumbidwa ya m'mbali yokha, ku mbali imodzi ya mtengo, dothi n'kubwezeredwa. Makungwa amasendeka bwino muzu ukadali wauwisi.

Kuumitsa kumachitika pamthunzi, pa thandala la sefa kuti mphepo izidutsa pansi, kutentha kusapitirire madigiri 40. Nthawi ya dzinja masamba a gwafa akaunjikana amachita chuku pakati pa mulu pomwe pamwamba pakuoneka pouma. Mulu wotero umatayidwa wonse, osasankhamo. Chuku chimapanga mankhwala akeake olimbana ndi mabakiteriya, ndiye zimene mungapeze pambuyo pake simungadziwe ngati ndi za gwafa kapena za chukucho.

Ufa wosefedwa timauviika motere: magalamu 200 mu malita 2 a ethanol wa 80 peresenti, maola 72, kuvundula kawiri patsiku, botolo lokutidwa ndi pepala la aluminiyamu. Tikasefa ndi Whatman No. 1, matsalira timawaviikanso kamodzi mu ethanol watsopano. Madzi onse amaphwetsedwa pa rotary evaporator pa madigiri 40, ndipo chotsala chimaumitsidwa mpaka kulemera kwake kusiye kusintha. Gwafa amachita thovu kwambiri ethanol akayamba kuchepa m'botolo. Kutsitsa vacuum pang'onopang'ono ndi kusadzaza botolo kupitirira theka kwathetsa vuto lakuti thovu lizilumphira mu condenser. Chotsala choumachi, extract, chimakhala pa madigiri -20.

Kugawa kunachitika m'faneli yolekanitsira. Magalamu 20 a extract amasungunulidwa m'mamililita 200 a madzi, n'kutsukidwa katatu ndi hexane wa muyeso womwewo, kenako katatu ndi ethyl acetate, kenako katatu ndi n-butanol. Butanol ayenera kukhutitsidwa madzi kaye, apo ayi amamwa madzi a m'faneli ndipo malire a zigawo ziwirizo amasowa. Napini anavuta pa sitepe ya ethyl acetate: pakati pa zigawo panabwera phala loyera losafuna kulekana, chifukwa cha ma saponin, mankhwala a m'zomera ochita thovu ngati sopo. Kugwedeza mwamphamvu ndi kumene kumalibweretsa. Kutembenuza faneli modekha kumalichepetsa, ndipo lotsalalo limalekana pa centrifuge. Mchere umathandizanso, koma sitinauthire, poti umatsalira m'chigawo cha madzi ndipo mchere pawokha umasintha mmene S. aureus amamangira biofilm.

Butanol amawira pa madigiri pafupifupi 118 ndipo satha msanga. Ngati fungo lake likumvekabe m'botolo, chigawocho sichinaume, ndipo wotsalirayo amapha mabakiteriya payekha. Kuthira madzi pang'ono n'kuphwetsanso kumamutulutsa.

Mbale ya timaenje 96

Mabakiteriya amene tikugwiritsa ntchito ndi S. aureus ATCC 25923 ndi P. aeruginosa PAO1. Poyesa ngati mbale yatuluka bwino tikuikamo S. epidermidis awiri: ATCC 35984, amene amamanga biofilm yochindikala, ndi ATCC 12228, amene samanga. Mbale imene awiriwa sakusiyana bwino sitiiwerengera, ngakhale timaenje tina titaoneka mosangalatsa bwanji.

Njira imene yakhazikika pa S. aureus ndi iyi. Mabakiteriya ogonetsa usiku amasakanizidwa mpaka 0.5 McFarland, amene ndi pafupifupi 1.5 × 10^8 CFU (maselo amoyo otha kumera koloni) pa mililita, kenako amachepetsedwa ka 100 mu TSB, msuzi wokulitsira mabakiteriya, wothiridwa glucose wa 1 peresenti. Popanda glucose biofilm imatuluka yopyapyala ndipo imachoka potsuka. Zigawo za zomera zimasungunulidwa mu DMSO pa 50 mg/mL, n'kuchepetsedwa mwatheka-theka kuchokera pa 512 mpaka 8 µg/mL. Kaenje kalikonse kamalandira 200 µL, ndipo DMSO amangofika pafupifupi 1 peresenti pa muyeso wapamwamba. Mzere wa DMSO yekha pa muyeso womwewo ulipo pa mbale iliyonse; kuyerekeza kumachitika ndi mzere umenewo, osati ndi mabakiteriya opanda kanthu. Mbale ndi za polystyrene za pansi pathyathyathya, zimakhala maola 24 pa madigiri 37, osagwedeza.

Ikatuluka, madzi amayamwidwa ndi pipette yolunjikitsidwa m'mbali mwa kaenje, n'kutsuka katatu ndi PBS, madzi a mchere otsukira. Biofilm imaumitsidwa pa madigiri 60 kwa ola limodzi kuti igwire, imathiridwa utoto wa crystal violet wa 0.1 peresenti kwa mphindi 15, imatsukidwa mpaka madzi asiye kuchita utoto, n'kuumanso. Utoto wogwira umasungunulidwa ndi acetic acid wa 33 peresenti ndipo timawerenga pa 570 nm.

Polemba zikuoneka zophweka. Zimene zinasokoneza manambala ndi zinayi, ndipo zonse zimatha kunamiza munthu kuti wapeza mankhwala.

Choyamba ndi timaenje ta m'mphepete. Madzi ake amauluka msanga mu incubator, mchere ndi shuga zimakhathamira, ndipo pamene madzi aphwera pamatsala mkombero wouma umene umagwira utoto. Timaenje 36 ta kunja tsopano timangothiridwa madzi osabala kanthu, ntchito imachitika m'timaenje 60 ta m'kati, ndipo mbale imaikidwa m'bokosi lokhala ndi thonje lonyowa. Magetsi akazima usiku kutentha n'kutsika, mbale yonse ya tsikulo imabwerezedwa. M'bokosimo muli thermometer yosunga kutentha kotsikitsitsa ndi kokwereratu kuti tizidziwa m'mawa.

Chachiwiri ndi dzanja la wotsuka. Biofilm ya S. aureus imakhala pansi pa kaenje ngati kansalu, ndipo madzi akathiridwa molunjika pakati amaboola kansaluko. Mukaikweza mbale ku kuwala mukatha kuthira utoto mumaona bwalo loyera pakati penipeni, m'mbali muli pepo. Kaenje kotero kamawerenga motsika ngati mankhwala agwira ntchito. Bwalo limenelo likaoneka, kaenjeko timakachotsa pa mawerengero n'kulemba chifukwa. Munthu mmodzi yekha ndi amene akutsuka mbale zonse za gulu limodzi la zoyesa.

Chachitatu ndi utoto ndi matope a extract yomwe. Zigawo za butanol ndi madzi za napini zikakumana ndi TSB zimachita matope ofiirira, chifukwa ma tannin amagwirana ndi mapuloteni a mu msuziwo. Matopewo amakhazikika pansi, amamatirira pa pulasitiki, ndipo crystal violet amawagwira bwino lomwe. Zotsatira zake n'zakuti pa milingo yapamwamba mbale imaonetsa ngati extract ikuchulukitsa biofilm, pomwe pansi pali matope chabe. Muyeso uliwonse wa extract tsopano uli ndi kaenje kake kopanda mabakiteriya, kodutsa m'masitepe onse mpaka pa utoto, ndipo nambala yake imachotsedwa pa ya kaenje koyesedwa. Pamene kaenje kopanda mabakiteriya kakuwerenga kwambiri, kuchotsera sikuthandizanso. Muyeso umenewo timangoulemba kuti sungawerengeke ndi njira iyi.

Chachinayi chikukhudza PAO1. Bakiteriyayu amafuna mpweya, choncho amamanga mkombero m'khoma la kaenje pamene madzi akumana ndi mpweya, osati pansi. Utoto ndi acetic acid zikathiridwa zosafika pa mkomberowo, mumawerenga mbali chabe ya biofilm. Tikuthira 100 µL ya mabakiteriya ndi 125 µL ya utoto kuti mkombero umire wonse. Mu msuzi wonona monga LB, PAO1 amachitanso kakhungu koyandama pamwamba kamene nthawi zina kamatsalira, nthawi zina kamapita ndi madzi otsukira, ndipo n'chifukwa chake timaenje tofanana tikusiyana kwambiri. Tasamukira ku M63 wothiridwa magnesium sulfate ndi arginine, umene umapereka mkombero woonekera bwino. Kusiyana kwachepa koma sikunafike poti tingakhulupirire kutsika kwapang'ono. Chivindikiro cha tizikhomo, chija cha Calgary, chingathandize pano chifukwa biofilm imamera pa tizikhomo ndipo matope amatsala pansi. Mtengo wake ndi umene watichedwetsa.

Kupha si kuletsa

Crystal violet amadetsa chilichonse chomatirira: maselo amoyo, akufa ndi ulimbo. Sanena chifukwa chimene utoto wachepera. Extract ikachepetsa kuchulukana kwa mabakiteriya ndi theka, biofilm nayonso imachepa, ndipo izi sizikutanthauza kuti mwapeza choletsa biofilm. Mwangopeza antibayotiki wofooka.

Choncho chigawo chilichonse chikuyezedwa kaye MIC, muyeso wotsikitsitsa woletsa mabakiteriya kuchulukana, mu msuzi wa Mueller-Hinton, mabakiteriya 5 × 10^5 CFU pa mililita, maola 18 mpaka 20. Poti ma extract ali ndi utoto, maso paokha sakwanira. Tikutsatira njira imene Eloff wa ku Pretoria anafalitsa mu 1998: kuthira utoto wa INT wa 0.2 mg/mL n'kudikira; pamene mabakiteriya ali moyo pamafiira. Apanso pafunika kaenje ka extract yokha, chifukwa ma polyphenol ena amasintha utoto wa INT kapena resazurin popanda bakiteriya ngakhale mmodzi.

Koma MIC ya mu Mueller-Hinton siyankha funso lonse, poti biofilm ikukulira mu TSB wa glucose. Ndiye pa mbale ya biofilm yomweyo tikuwerenga OD, kuvunduka kwa msuzi kosonyeza kuchuluka kwa maselo, pa 600 nm poyamba ndi pomaliza, tisanatsuke, ndipo pa milingo imene ikuoneka yogwira ntchito tikutenga madzi a pamwamba n'kuwerenga makoloni pa agar. Lamulo lathu n'lakuti chigawo chimapita patsogolo pokhapokha biofilm yatsika pa kotala la MIC kapena kutsikirapo, makoloni a m'madzi ali ofanana ndi a mzere wa DMSO, ndipo zabwerezeka pa masiku osiyana ndi mabakiteriya odzutsidwa mwatsopano kuchokera mufiriji. Timaenje titatu pa mbale imodzi si kubwereza. Ndi kuyesa kumodzi kothiridwa patatu.

Lamuloli ndi limene linagwetsa extract yosagawa ya napini, imene poyamba inkaoneka yoposa zonse. Pamene biofilm inkatsika, makoloni nawonso ankatsika. Sizodabwitsa: m'mizu ya mtengowu munapezeka kale anolignan B, amene amadziwika kuti amalimbana ndi mabakiteriya. Ndi chinthu chabwino, koma ndi funso la ntchito ina. Zigawo za hexane za zomera zonse ziwiri sizinaonetse kanthu pansi pa MIC.

Ma tannin

Zomera zonse ziwiri zili ndi ma tannin ambiri. Dontho la ferric chloride limadetsa zigawo za napini kukhala zakuda mobiriwira ngati inki, ndipo gelatin wa 1 peresenti wokhala ndi mchere wa 10 peresenti amachita matope nthawi yomweyo. Ma tannin amagwira puloteni iliyonse imene akumana nayo, amakuta pulasitiki ya mbale, ndiponso amalanda ayironi mu msuzi. Zitatu zonsezi zingatsitse biofilm m'mbale popanda kulonjeza chilichonse pa chilonda, pamene mapuloteni a m'magazi adzawamwa asanafike pa bakiteriya.

Sitikunena kuti tannin aliyense ndi wonama. Tannic acid anaonetsedwa mu 2013 kuti amaletsa S. aureus kumatirira kudzera m'puloteni ya IsaA, ndipo mabakiteriya osowa puloteniyo samva mankhwalawo. Kumeneko ndi kugwira ntchito kolunjika. Gulu la Cassandra Quave linapezanso mu 2012 kuti chigawo cha mizu ya Rubus ulmifolius ya ku Italy, chodzaza ndi ellagic acid ndi abale ake, chimaletsa biofilm ya S. aureus pa milingo yosapha. Choncho ma tannin sitikuwataya. Tikuwalekanitsa kuti mbali iliyonse iyesedwe payokha.

Njira yoyamba imene tinayesa ndi PVPP, ufa umene umagwira ma tannin n'kusefedwa. Pa gwafa mphamvu inatsika kwambiri chigawo chitadutsa mu PVPP, ndipo zikanakhala zosavuta kunena kuti ma tannin ndiwo ankagwira ntchito. TLC, mbale yolekanitsa mankhwala kukhala madontho, inaonetsa zina: madontho a ma flavonoid nawonso anali atazimiririka. PVPP sasankha, amagwira ma phenol ambiri, quercetin ndi abale ake omwe. Kuyesa kumeneko sikutsimikizira mbali iliyonse.

Sephadex LH-20 ndi amene wathandiza. Ufawo umaviikidwa mu ethanol usiku wonse kuti ufufume usanalowe mu column, chubu cholekanitsira. Chigawo chikathiridwa, ethanol amatsitsa ma phenol ang'onoang'ono ndi ma flavonoid, ma tannin n'kutsala pamwamba ngati lamba wofiirira. Acetone wa 50 peresenti m'madzi ndi amene amawatsitsa pambuyo pake. Palibe chotayika, ndipo mbali zonse ziwiri zimabwerera pa mbale. Kusintha kuchoka pa ethanol kupita pa acetone kuzichitika pang'onopang'ono, chifukwa LH-20 amafufuma mosiyana m'madzi osiyana ndipo column imang'aluka.

Pa napini, mphamvu yonse imene inatsala pansi pa MIC inapita ndi mbali ya acetone. Pa PAO1 tinawonjezera kuyesa kwina: kuthira ferric chloride pang'ono mu msuzi pamodzi ndi mbali ya ma tannin. P. aeruginosa amafuna ayironi kuti akhazikike n'kumanga. Ikasowa amangoyendayenda pamwamba, monga zinaonekera kale ndi lactoferrin. Ayironi itabwezeredwa, mkombero unabwerera. Pa PAO1, ndiye, napini akuoneka kuti akungomana bakiteriya ayironi. Pa S. aureus funso likadali lotseguka, koma kulekanitsa ma ellagitannin mmodzimmodzi ndi ntchito yaitali yofuna preparative HPLC, ndipo n'chifukwa chake taima kaye.

Chigawo cha ethyl acetate cha gwafa

Apa mphamvu inapita ndi mbali ya ethanol, yopanda ma tannin, ndipo gelatin sachitanso matope ndi mbaliyi. Pa S. aureus biofilm imatsika makoloni a m'madzi osasintha. Mbaliyi inadutsanso pa LH-20 yaitali ndi methanol, timachubu tikulandira 10 mL kalikonse, n'kuphatikizidwa malinga ndi maonekedwe a pa TLC.

TLC ndi ya silica gel 60 F254, madzi oyendetsera ndi ethyl acetate, formic acid, acetic acid ndi madzi pa 100:11:11:26. Ikauma imapoperedwa mankhwala owalitsa madontho, NP kenako PEG, n'kuonedwa pa 366 nm. Abale a quercetin amawala lalanje, a kaempferol amawala chikasu chobiriwira, ma phenolic acid amawala buluu. Timagulu timene tikutsitsa biofilm ndi timene tili ndi madontho alalanje oyandikana pakati pa mbale. Madzi oyendetserawa azisakanizidwa tsiku lomwelo. Akagona amasintha ndipo madontho safika pamene anafika dzulo.

Bioautography, kuthira agar wa mabakiteriya pamwamba pa TLC, sitikuidalira pa ntchitoyi. Imaonetsa dontho limene likupha, pomwe ife tikusaka dontho losapha. Ndiponso asidi wotsalira pa silica amapha mabakiteriya mbale yonse ngati sinaumitsidwe mokwanira.

Pa HPLC, column ya C18, madzi ndi acetonitrile zonse zokhala ndi formic acid wa 0.1 peresenti, timaguluti tikupereka nsonga zingapo zothinana zimene zimamwa kuwala pafupi ndi 255 ndi 355 nm, monga amachitira ma flavonol okhala ndi shuga pa malo a 3. Pa LC-MS ya negative mode, imene imayeza kulemera kwa mamolekyulu, zikuoneka m/z 433 ndi 463, zonse zikusweka kupereka 300 ndi 301. Zikugwirizana ndi zodziwika kale za masamba a gwafa, koma apa ndi pamene malipoti ambiri amathamangira kutchula dzina. Nambala 433 ndi quercetin wokhala ndi shuga wa makaboni 5, ndipo atatu amavala nambala imeneyo: guaijaverin, avicularin ndi reynoutrin. Nambala 463 ingakhale hyperoside kapena isoquercitrin. MS siingawasiyanitse. Pafunika ma standard ogula, othiridwa pamodzi ndi chitsanzo kuti tione ngati nsonga ikukula kapena ikugawika, ndipo pomaliza NMR, imene imaonetsa kamangidwe ka molekyulu.

Msampha wina uli pa 301 yemweyo. Quercetin ndi 301.035, ellagic acid ndi 300.999, ndipo makina osaona manambala a pambuyo pa kadontho amawaona ngati chinthu chimodzi. Onse awiri angapezeke m'chomera chokhala ndi ma ellagitannin. Kusweka kwawo ndi kumene kumawasiyanitsa: quercetin amapereka 151 ndi 179, ellagic acid amapereka 257 ndi 229. M'kagulu kamodzi mwa timene tikugwira ntchito muli nsonga yaing'ono yopereka 257 ndi 229. Poganizira zimene zinapezeka pa Rubus ulmifolius, nsonga yaing'onoyo singanyalanyazidwe chifukwa chakuti ina ndi yaikulu. Kukula kwa nsonga pa UV kumangonena kuchuluka ndi kamwedwe ka kuwala, osati mphamvu pa bakiteriya.

Guaijaverin ndi amene aliyense angayembekezere, popeza anafalitsidwa kale mu 2006 kuti amalimbana ndi Streptococcus mutans, bakiteriya wa zomata za pa mano. Koma S. mutans amamanga ulimbo wake kuchokera ku sucrose pogwiritsa ntchito ma glucosyltransferase, njira imene S. aureus alibe. Zotsatira za uko sizisamukira kuno zokha.

Chinthu china chimene chalembedwa m'buku la labu: timagulu tikamayera, mphamvu pa µg iliyonse siikukwera monga ziyenera kukhalira ngati mankhwala ogwira ntchito ali amodzi. Zifukwa zingakhale zitatu. Mwina mankhwala angapo akuthandizana ndipo tawalekanitsa. Mwina china chikuwonongeka panjira. Quercetin wopanda shuga amawonongeka mu msuzi wa pH yoposa 7 pa madigiri 37 m'maola ochepa, ndipo kusanduka bulauni kwa kaenje ndi chizindikiro chake. Kapena mankhwala oyera sakusungunuka bwino monga ankachitira ali pakati pa anzawo. Pa maikulosikopu, m'timaenje ta milingo yapamwamba mukuoneka timibulu tonga singano pansi. Kuti tisiyanitse zitatuzi, timagulu tiphatikizidwanso pa milingo imene tinali nayo m'chigawo choyambirira. Mphamvu ikabwerera, ndi kuthandizana. Ikapanda kubwerera, china chinatayika pa column, ndipo kulemera kwa zonse zotuluka kuyerekezedwe ndi zimene zinalowa.

Za quorum sensing

Panali ganizo loyesa zigawo zonse pa Chromobacterium violaceum, amene utoto wake wapepo, violacein, umazima mauthenga a pakati pa mabakiteriya, quorum sensing, akasokonezedwa. Ndi kuyesa kotsika mtengo ndipo kumaoneka ndi maso. Tikuchita, koma zotsatira zake zikhudza PAO1 yekha, amene amalankhulana ndi ma acyl-homoserine lactone ngati Chromobacterium. Pa PAO1 tiwonjezera kuyeza pyocyanin, utoto umene bakiteriyayu amatulutsa: kutulutsa ndi chloroform, kubwezera mu HCl wa 0.2 M, kuwerenga pa 520 nm, n'kugawa ndi OD600 kuti kuchepa kwa maselo kusaoneke ngati kuchepa kwa utoto.

Pa S. aureus nkhani ndi yotembenuka. Mauthenga ake amayenda ndi timapeptide ta dongosolo la agr, ndipo agr ikayaka ndi pamene mabakiteriya amasweka kuchoka mu biofilm. Mankhwala otseka agr amachepetsa poizoni koma angathe kuchindikalitsa biofilm. Choncho mawu akuti "choletsa quorum sensing" ndi "choletsa biofilm" asalembedwe ngati chinthu chimodzi mu lipoti lathu.

Zotsatira pa mndandanda

Ma standard a guaijaverin, avicularin, hyperoside, isoquercitrin ndi ellagic acid akafika, aliyense ayesedwa payekha pa mbale ya S. aureus, kenako awiriawiri ndi ellagic acid. Kuyesa konse kwachitika pa biofilm imene ikuyamba kumene. Sitinayesebe yokhwima ya maola 24, imene ndi yofanana ndi zimene dokotala amakumana nazo, ndipo pamenepo tiphatikiza kagulu ndi antibayotiki n'kuwerenga makoloni titagwedeza biofilm ndi sonicator. Mbale zina zikutidwa ndi plasma ya munthu usiku wonse zisanalandire mabakiteriya, chifukwa m'thupi S. aureus amagwira pa fibrinogen ndi fibronectin, osati pa pulasitiki yopanda kanthu, ndipo mankhwala ogwira pa njira imodzi angalephere pa inayo. Pafunikanso mitundu ina ya S. aureus, kuphatikizapo MRSA, yosamva methicillin, popeza ambiri a iwo amamanga ndi mapuloteni kuposa mashuga.

Kuopsa kwa timaguluti pa maselo a munthu sikunayezedwe. Kuyezedwa pa maselo a khungu a HaCaT, ndipo kagulu kamene muyeso wake wowononga maselo sukuposa ka 10 muyeso woletsa biofilm sikapitirira.

NMR ya proton, carbon, HSQC ndi HMBC ifuna mamiligalamu angapo a mankhwala oyera pa nsonga iliyonse, zimene zikutanthauza kutchezanso masamba ochuluka kuchokera ku mitengo yomweyo, nyengo yomweyo. Ngati zitsanzo zidzatumizidwe kunja kwa dziko, chilolezo ndi mgwirizano wosamutsira zitsanzo ziyenera kukhalapo kale, malinga ndi Nagoya Protocol imene inayamba kugwira ntchito mu 2014 ndipo Malawi ali m'gulu la mayiko oitsatira. Mapepala amenewa amatenga nthawi kuposa column, choncho ayambidwa tsopano, pamodzi ndi kutola masamba a gulu lachiwiri.